Iwe Ukwere ya Kumwera, Ine ya Kumpoto

Kande, Lachiwiri masana

Lusungu mwana wanga,

Ndakhala pa chitsa cha mango m'chisakasa muno momwe ndimasemera mabwato, ndipo ndikulemba pa kope la mayi ako la kwaya chifukwa pepala lina sindinalipeze. Ndanyamuka kale katatu. Ndikalemba mizere iwiri ndiimirire, ndizungulire bwato, ndikhalenso. Thupi likukana kukhazikika kuyambira dzana. Usaseke zilembo. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ndipo Chitonga chimene timakanganirana pakhomo pano sanatiphunzitse kalembedwe kake, ndiye uwerenge Chichewa changa chokhotachi mmene chilili.

Ndikulemba chifukwa pakamwa wandigonjetsa. Osati kuti uli ndi mfundo zondiposa, ayi. Ukamayankha sindikumva, ndimangoona milomo ikuthamanga ndi misozi ikutsika, ndiye ndimangoti eya, eya, ngati ndavomera. Sindinavomere. Pa pepala palibe kukuwa, palibe mwati chiyani. Uwerenga mpaka kumapeto ndipo sundidula mawu.

Nkhani ndi imodzi. Mawa m'mawa uyenera kukwera minibasi ya ku Lilongwe, Lachisanu ndege, kupita ku sukulu yakunja imene yakuitana. Chikwama unamanga sabata yatha. Dzana wachimasula, zovala wabwezera pa chingwe, chifukwa cha zomwe zinachitika pamsewu. Sindikukana kuti zinachitika. Lole inaimba hutala, anthu onse pa siteji anamva, ine ndikuyenda pakati pa tala ngati mbuzi ya mwini, iwe n'kundikoka malaya mpaka mabatani awiri kuduka. Titafika kunyumba unati, "Ada, sindipitanso. Azikumverani ndani?" Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino chifukwa unawanenera m'khutu lakumanzere limene latsala pang'onoli. Yankho langa ndi ili: upita.

Mvera ndikuuze za ine, popeza umandiyesa munthu amene sanapatsidwe mwayi. Ndinapatsidwa. Ndili wocheperapo kuposa iweyo, kunabwera bambo wina wa zausodzi kudzasankha achinyamata awiri okaphunzira kukhoma maboti a matabwa kumwera kwa nyanja. Anasankha ine ndi Yotamu Longwe, yemwe uja umamudziwa, wa maboti a injini ku Chintheche. Sabata yonyamuka agogo ako miyendo inatupa, anagona. Ndinakwerabe lole ndi kabokosi kanga. Titafika pa Dwambazi ndinamenya kumbuyo kwa dalaivala kuti aime. Yotamu anati, "Iwe, wapenga?" Ine ndinati amayi akudwala, mwana wabwino sasiya mayi ake pamphasa. Ndinabwerera wapansi, ndikudziona ngati mkulu wa mpingo. Nditafika, agogo ako anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Wabwera kudzatani? Ndiwe dokotala?" Patatha milungu itatu anali kumunda akuzula chinangwa. Anakhala zaka zina makumi awiri ndi kanthu, ndipo palibe chaka chimene sanandikumbutse za Dwambazi. Boti la Yotamu likamadutsa ankaloza ndi mlomo. Kuloza ndi mlomo kuja kunkapweteka kuposa ndodo.

Tsopano chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mayi ako. Sindinatsike lole ija chifukwa cha miyendo ya agogo ako. Ndinkaopa. Ndinkaopa kuti kumeneko akandipatsa pensulo ndi tepi yoyezera, akandifunsa masamu pa Chingerezi, anzanga akandiseka. Matenda a amayi anali chitenje chabwino chofundira mantha. Ndiye iwe Lusungu, dzifunse wekha, usandiyankhe ine. Chikwama chija wamasula chifukwa cha makutu anga okha? Kapena mwina pali kenakake kamene kakuopa dziko lozizira, kakuopa kukhala m'chipinda ndi anthu anzeru ochokera mayiko onse, iwe mwana wa wosema mabwato wa pa Kande? Ngati kalipo, si tchimo. Koma usandisandutse ine chitenje chako. Ndakana. Sindifuna kuti pakatha zaka makumi awiri uzindiyang'ana mmene ndinkawayang'anira agogo ako, kuwakonda kwinaku ukuwakwiyira pa mlandu umene sanapalamule.

Ndanyamukanso. Nkhuku za a Nyamhone, mayi oyandikana nafewa, zalowa m'zipalapala. Ndazithamangitsa.

Za makutuwa, usamaganize kuti ndi tsoka logwa kumwamba. Ndinawapha ndekha. Zaka zimene mitengo ikuluikulu inayamba kusowa, usanabadwe, ndinakalowa ntchito pa chigayo china cha dizilo ku Chintheche. Zaka khumi ndi chimodzi ndinaima pambali pa injini m'kanyumba ka malata kopanda zenera, ndikuthira makaka a chinangwa ndi chimanga. Phokoso linkamenya khoma n'kubwerera, kumenya denga n'kubwerera, lonse kuthera m'mutu mwanga. Mayi wina wa zaumoyo, wochokera kumwera uko, ankabwera kudzagayitsa. Tsiku lina ananditambasulira thonje m'manja, akuti, "Achimwene, tsekani makutuwo, mudzalira." Ine pamaso pa anzanga ndinati thonje ndi la zilonda, ine ndilibe chilonda. Anzanga anaseka, ine n'kumva kukoma. Ndikaweruka m'mutu munkalira ngati nyenje, ndinkati zitha. Nyenje imeneyo ikulirabe mpaka pano ndikulemba. Mayi uja dzina lake sindikulikumbuka, koma thonje lija ndimaliona loyera m'manja mwake. Choncho wina akakupatsa langizo laling'ono looneka lopusa, makamaka pamaso pa anzako, landira. Ndipo tizingwe tako timene umatsekera m'makutu tsiku lonse, nyimbo mpaka mayi ako kumva ali kukhitchini, uchepetse. Makutu sagulitsa pamsika.

Nkhani yachitatu ndi yamanyazi kwambiri, cholembera chikulemera. Ukudziwa mmene timayesera bwato. Ukakumba m'kati mwa mtengo sungaone ndi maso kuti khoma latsala lokhuthala bwanji. Umagogoda ndi msana wa kasemasema. Pokhuthala pamayankha mawu ogontha, du du. Pamene pafika bwino pamati ngo ngo. Pakayamba kulira mopepuka ngati chitini, leka, wapyola. Ndi mmene anandiphunzitsira amalume anga, ndi mmene ndasemera mabwato osawerengeka. Chaka chatha ndinasemera bwato a Mhone, alongo awo a mayi ankhuku aja. Makutu anali atayamba kale kundithawa koma sindinafune munthu adziwe, poti wosema wosamva ndani angamupatse mtengo wake? Ndinkagogoda anthu akuona, ndikugwedeza mutu ngati ndikumva, pamene ndikungoyerekeza. Kutsogolo kunali mfundo ya nthambi, ndinapasema mopyola. Mwezi wachiwiri linang'ambika pamadzi, kuseri kwa miyala kuja. A Mhone ndi mlamu wawo anasambira, Mulungu anawasunga, koma ukonde unapita. Atabwera kwa ine ndinati mtengowo unali wofumbwa m'kati, mango a masiku ano ndi otero. A Mhone anati, "Yewu, ada, inu ndi amene mumadziwa mitengo." Anandithokoza, Lusungu. Munthu amene ndikanamupha anandithokoza.

Dzulo m'mawa ndapita kukawauza zoona. Anandiyandikira kukhutu n'kukuwa kuti, "Tinkadziwa kale! Mudzi wonse ukudziwa kuti ndinu gonthi, otsala munali inu nokha!" Tinaseka, ine n'kubwerera kunyumba. Phunziro lake tenga: kumene ukupitako, ngati sunamve, nena kuti sindinamve. Mphunzitsi akayankhula Chingerezi cha m'mphuno chothamanga, imika dzanja, abwereze. Ukayesa chinthu chako pa makina n'kukana kutuluka mmene umafunira, lemba kuti chakana. Usagwedeze mutu ngati bambo ako. Wogwedeza mutu amamiza anthu.

Tsopano za maphunziro akowo. Umaganiza kuti sindinatolepo kanthu tsiku lija unandifotokozera kuseri kwa nyumba, koma ndinatola. Dzina lake lalitali lija, topoloji chani chani wa phokoso, lilime langa likukana, lisiye. Unazika mabotolo mumchenga, kuwandandalika ngati zisa za njuchi, mbali ina kayalidwe kena, mbali ina kayalidwe kotembenuza, n'kujambula mzere ndi chala pamene mbali ziwirizo zakumana. Unati mabotolowo ndi chithunzi chabe, zenizeni amazipanga ndi muyeso wosaphonya. Unati chinthu chikapangidwa motero, phokoso silimwazika m'kati monse, limatsata malire aja basi, ngati madzi mu ngalande ya mpunga ku Limphasa. Likafika pokhota limakhota. Kenako unazula botolo limodzi n'kunena kuti, "Ada, onani, ngakhale pakhale chilema apa, limalambalala n'kupitirira, silibwerera m'mbuyo." Ndinafunsa kuti ndiye phindu lake n'chiyani, tidya phokoso? Unaseka. Unati tsiku lina mwina adzapanga makoma otenga phokoso la injini n'kulitulutsa panja osafika kwa munthu wogwira ntchito. Unati mwina makina a kuchipatala ounikira mwana m'mimba adzaona bwino kuposa pano, ndi tizipangizo ta m'mafoni tidzagwira bwino. Ndipo unanena chilungamo kuti zambiri zikadali patebulo m'zipinda zoyesera, palibe akudziwa kuti ziti zidzafika kwa anthu, kapena liti.

Ine za mafoni ndi za mimba sindikudziwa. Koma za chilema ndikudziwa. Moyo wanga wonse ndalimbana ndi mfundo za m'mitengo, pamene mawu a mtengo amasokonekera, pamene bwato limang'ambikira. Ndiye mwana wanga akabwera n'kundiuza kuti kuli anthu akuphunzira kupanga chinthu chimene chilema sichichisokoneza, ndipo amuitana kuti akakhale nawo, ine ndinene kuti khala pano uzindiwolotsa msewu? Ndingakhale chitsiru kachiwiri. Ndipo za khoma la chigayo zija sindinaiwale. Pita ukaone zigayo za pa Chintheche, Mpamba, paliponse. Muli ana a anthu aima pamene ndinkaima ine, tsitsi loyera ndi ufa, akukuwirana ngakhale injini itazima. Mwina khoma lakolo silidzafika kuno ine ndili moyo. Mwina lidzakhala lodula, mwini chigayo n'kuliseka. Mwina silidzatheka n'komwe. Koma pakati pa anthu onse anzeru amene udzakhale nawo, ndikukhulupirira kuti ndiwe wekha amene unalowapo m'chigayo cha malata masana a mwezi wa Okutobala. Ukapanda kupita, adzawauza ndani kuti kuli zinthu zotere?

Koma usandilonjeze makutu. Ndamva kwa mayi ako kuti unati ukapita ndiye kuti ukandipangira chondithandiza kumva. Leka zimenezo. Unanena wekha kuti maphunziro akowo si a mankhwala a makutu. Ukasenza lonjezo lotero udzagwira ntchito ndi mtima wothamanga, udzasema mopyola. Anga anapita ndi ufa. Ukaphunzire chinthucho chifukwa umachikonda, monga unkakondera uli ndi zaka zisanu, pamene unkagona chafufumimba kuika khutu kumapeto kwa mtengo, ine ndikukanda ndi msomali kumapeto enawo, iwe n'kukuwa kuti, "Ada, mtengo ukuyankhula! Kandaninso!" Mayi ako ankakalipa kuti nyerere zikulowa m'khutu. Matendawa unawatengera m'chisakasa muno, usanamizire azungu.

Wafunsa kuti azindimvera ndani. Choyamba, mayi ako alipo, ndipo Mulungu anawapatsa mawu okwana mipingo itatu. Iwo akaitana, ngakhale ng'ona imatembenuka. Chachiwiri, pamsewu ndasiya kuyenda pa tala, ndiziyenda m'mbali moyang'anana ndi galimoto, ndalumbira pamaso pa mayi ako. Chachitatu ndi ichi, ndipo ndikufuna ubwere udzaone ndi maso usananyamuke. Unandiuzapo kuti phokoso limayendanso m'mafupa, osati m'makutu mokha. Ndinaziyesa nthabwala za ku yunivesite. Lero m'mawa ndadula kansungwi kotalika ngati mkono, mbali ina ndaluma ndi mano, mbali ina ndagunditsa pa khoma la bwato limene ndikusemali, n'kugogoda ndi kasemasema. Lusungu, ndamva. Osati mmene ndinkamvera kale, koma du du ndi ngo ngo ndazisiyanitsa, zikulowera m'nsagwada. Ndayenda bwato lonse ndili chowerama, kansungwi kukamwa. Mayi ako anandipeza choncho n'kuika manja m'chiuno, akuti, "Kondowole sakukwanirani, mwayamba kudya bwato?" Ndiye ukuona. Nzeru yako yagwira kale ntchito pakhomo pano iwe usanakwere n'komwe ndege. Komabe sindidzidalira ndekha ngati kale. A Mhone avomera kuti bwato lililonse lisanatsike kumadzi azibwera kudzagogoda nawo. Manyazi ndathana nawo.

Zina zing'onozing'ono, poti pepala likutha. Usamandiimbire foni. Ndizingoti eya, eya, iwe n'kumalira uko, ine n'kumatukwana kuno. Uzilemba, mayi ako aziwerenga, kapena ndiziwerenga ndekha ndi magalasi awo. Uzilemba zoona, osati ndili bwino ndili bwino ngati kalata ya msilikali. Kukazizira nena, ukalephera mayeso nena. Juzi ija anakupatsa azakhali ako ndi yonyansa, ndikuvomereza, koma tenga. Ukapeza tchalitchi lowa, ngakhale nyimbo zawo zikhale zozizira. Za amuna sindinena zambiri, uli ndi zaka zako ndipo mayi ako anena kale zokwana tonse awiri. Ndingoti munthu umugogode kaye mbali zonse usanakwere naye pamadzi. Ndipo ukadzabwera kutchuthi usadzatiyankhule ngati wailesi. A Nyamhone ukawapatse moni wa Chitonga, ugwade, ngakhale nkhuku zawo zikhale zitatimalizira mbewu.

Ndanyamukanso kachisanu, ndapita m'nyumba, ndatsegula bokosi la zida. Pansi pa misomali pali kalata imene anandilembera a kuchipatala chathu chaching'ono miyezi isanu ndi itatu yapitayo, yonditumiza ku Mzuzu kuti akandipime makutu. Ndinakuuza kuti inatayika. Sinatayike. Ndinaibisa, chifukwa ndinkaopa kuti akandiuza chimene ndikuchidziwa kale, kapena akandipachika kachipangizo kukhutu anthu n'kumandiloza kutchalitchi. Wandichonderera kangati kuti ndipite? Unafika pogwada, ine n'kutembenuzira khutu lakufa kwa iwe dala. Ndi yomweyi ili pabondo panga, yadetsedwa ndi dzimbiri koma chidindo chikuoneka.

Ndiye tichite chonchi, ndipo sindikukambirana, ndikukuuza. Mawa m'mawa tonse atatu tipita pa siteji. Iwe uima mbali ya kunyanja ndi chikwama chako, podikira minibasi ya kumwera. Ine ndi mayi ako tiwoloka, andigwire dzanja ngati mwana wa mkaka, anthu aseke, tikaima mbali ya kumapiri podikira ya kumpoto, kalata ili m'thumba la jekete. Zibwere zitatu, zibwere zisanu, kondakitala andikoke mkono, ine sindikwera mpaka ndione ndi maso anga kuti iwe walowa, chitseko chatsekedwa, minibasi yapita. Ukakwera, ndikwera, ndipo chilichonse chimene akandiuze ku Mzuzu ndikachita, kaya kachipangizo kaya chiyani. Ukapanda kukwera, ndibwerera m'chisakasa muno, kalata ibwerera pansi pa misomali, ndipo tidzakhala pakhomo pano agonthi awiri, wina wa makutu wina wa mutu. Umati ukufuna kundithandiza. Njira yake ndi imeneyi, ina palibe.

Ndipo ukadutsa pa Dwambazi, usamenye kumbuyo kwa dalaivala. Pamenepo banja lathu linatsikapo kale, zinakwana.

Kalatayi ndiika pamwamba pa chikwama chopanda kanthucho. Ukamaliza kuwerenga usabwere kudzandiyankha, sindimva. Yamba wapinda zovala. Ukatha, bwera kuchisakasa dzuwa lisanapendeke, udzagogode bwatoli kutsogolo kuli mfundo, iwe ndi khutu ine ndi kansungwi, tione ngati tigwirizane. Mabatani awiri aja uwasokerere lero, malaya ake ndi omwewo ndivale ku Mzuzu.

Ndine bambo ako wouma mutu,
amene wakusemera njira mmene wathera,

Ada